Tchalitchi cha Long Melford chimene chinamangidwa ndi ndalama za nsalu

Mwa matchalitchi akale a m'midzi ya ku England, chimene chimanditenga mtima kwambiri ndi cha Holy Trinity, m'mudzi wa Long Melford m'chigawo cha Suffolk. Wochiona koyamba angayese kuti ndi likulu la bishopu, popeza kutalika kwake kuchokera kukhomo mpaka kumapeto kumaposa mamita 70, koma ndi tchalitchi cha parishi chabe. Mbali yake yaikulu inamangidwanso pakati pa 1467 ndi 1497, pamene amalonda a nsalu za ubweya wa nkhosa a m'derali anali atalemera kotheratu.

Chimene chimandichititsa chidwi koposa ndi makoma akunja. Ku Suffolk kulibe miyala yabwino yosema. Imene imapezeka mbwee m'minda ndi ya flint, yolimba zedi, yotuwa kunja, koma ikaswedwa mkati mwake imakhala yakuda ndi yonyezimira ngati galasi. Miyala yoyererako, yosemeka bwino, inkachokera kutali ndipo inali yodula. Amisiri anagwiritsa ntchito mitundu iwiriyi pamodzi: ankasema mwala woyerawo n'kusiyamo mipata yooneka ngati timazenera, kenako ankayalamo zidutswa za flint zodulidwa mosamala mpaka zonse zitalingana, popanda chotumphuka. Luso limeneli limatchedwa flushwork. Munthu akayandikira n'kusisita khoma ndi dzanja, amamva kukhakhala kwa mwala woyera ndi kuterera kwa flint, ndipo amazindikira kuti kachidutswa kalikonse kanachita kusankhidwa ndi kuyezedwa pakokha.

Mazenera ndi ambiri ndiponso aakulu, monga mwa kamangidwe ka Perpendicular kamene kanali kofala nthawi imeneyo, moti mkati mumawala kwambiri.

Pamwamba pa mazenerawo, kuzungulira makoma, panasemedwa mayina a anthu amene anapereka ndalama, monga a m'banja la Clopton ndi la Martin, pamodzi ndi pempho lakuti wowerenga apempherere mizimu yawo. Ena amati kumeneku kunali kudzionetsera kwa anthu achuma, ndipo sindikana kuti kudzitama kunalipo. Komabe anthuwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mapemphero a amoyo amafupikitsa masautso a ku Puligatoliyo, choncho kusema dzina pakhoma kunali kufuna kuti ngakhale adzukulu atatha, padzapezekebe wina wowapempherera. John Clopton, amene anatsogolera ntchitoyi, anamwalira mu 1497 ndipo manda ake ali m'tchalitchi momwemo.

Chakum'mawa kuli kachisi wa Mayi Maria wa mu 1496, wokhala ndi madenga atatu osongoka, amene patapita zaka anasandutsidwa sukulu. Pakhoma pake pakuonekabe tebulo la kuchulukitsa manambala limene ana ankaloweza.

Nsanja ya tchalitchichi si ya nthawi ya Clopton. Yoyambayo inawonongeka ndi mphenzi cha m'ma 1710, ndipo imene inalowa m'malo mwake inali ya njerwa, yosagwirizana ndi tchalitchi chonse. Katswiri wa zomangamanga George Frederick Bodley sanaigwetse, koma anaikuta ndi flint ndi mwala wosema n'kuikweza, ntchito imene inatha mu 1903. Kawirikawiri sindikondwera ndi zomanga zatsopano zimene zimadzisandutsa zakale, koma apa ndimavomereza kuti anachita bwino, chifukwa alendo ambiri amachoka osadziwa kuti nsanjayo ndi yaing'ono kwa makoma enawo ndi zaka pafupifupi 400.