Kodi mbande zija zatsala zingati?

Teremu ino tinapatsidwa ntchito yolemba pempho la ndalama, ngati kuti tikupita nalo ku limodzi la mabungwe akunja omwe amathandiza kafukufuku. Mutu wake unali kubwezeretsa chilengedwe m'mbali mwa nyanja yamchere. Ine ndinakulira kumtunda, ndipo nyanja yomwe ndimaidziwa ndi yathuyi yopanda mchere, koma mtima wanga unagwera pa mitengo ija imamera m'matope pomwe mtsinje umakumana ndi nyanja. Pa Chingerezi amati mangrove, a Chiswahili amati mikoko. Si mkoko wa nthochi ayi. Ndigwiritsa ntchito dzina la Chiswahililo poti ndi la anthu omwe amakhala nayo mitengoyi tsiku ndi tsiku.

Pempho langa loyamba linali la nazale, machubu, mbande, malipiro a odzala ndi mwambo wa tsiku lodzala. Aphunzitsi anandibwezera pepalalo atalemba ndi cholembera chofiira pambali pa bajeti: "Pakadzatha zaka zisanu zidzatsala zingati, ndipo adzaziwerenge ndani?" Funsoli linandikumbutsa kusukulu ya pulayimale. Chaka china mvula itagwa tinadzala mbande kuseri kwa makalasi, aliyense atanyamula kachubu kake kakuda, alendo akuwomba m'manja. Pofika mu Okutobala munali maenje okhaokha ndi timitengo touma, zina mbuzi zitadya, zina chiswe. Palibe anabwera kudzafunsa. Chaka chotsatira tinadzalanso m'maenje omwewo.

Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti kunyanja yamchere zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti ndalama zake zimakhala zochuluka. Chigumula cha tsunami cha pa 26 Disembala 2004 chitawononga magombe a nyanja ya India, thandizo lodzalira mikoko linakhamukira ku Sri Lanka. Ofufuza atayendera malo 23 omwe anadzalidwa, lipoti lawo la mu 2017 linati pa malo 9 sipanatsale mtengo ndi umodzi womwe, ndipo malo atatu okha ndi omwe mitengo yopulumuka inapitirira theka. Ku Philippines, wasayansi Jurgenne Primavera ndi mnzake analemba mu 2008 kuti pa mbande 100 zilizonse, zokhalitsa zinali pakati pa 10 ndi 20 basi.

Chifukwa chake ndicho chinandigwira mtima kwambiri. Mtundu wa mikoko wotchedwa Rhizophora uli ndi mbewu yomwe imamera ikadali pa mayi wake, yaitali ndi yosongoka ngati therere lalikulu. Umangoithyola, kuibaya m'matope, basi wadzala. Munthu mmodzi angabaye mazana pa tsiku, ndipo chithunzi chake chimakongola, mizere yowongoka mpaka uko. Tsono anthu ankaibaya paliponse pomwe pali malo opanda mwini: kumunsi kwenikweni komwe madzi amakhalitsa, ngakhalenso m'minda ya udzu wa pansi pa nyanja, womwe pawokha ndi chuma. Koma mikoko ili ndi malo ake, kachigawo ka pakati pomwe madzi amafika nyanja ikadzaza n'kuchokanso ikaphwera. Ikamizidwa nthawi yaitali mizu imabanika. Kutsogolo komwe mafunde amamenya kumayenera mitundu ina ya mikoko, Sonneratia ndi Avicennia, yomwe mizu yake imatulukira m'mwamba ngati mapensulo kuti ipume. Katswiri wa ku Florida, Robin Lewis, anatha zaka zambiri akuphunzitsa chinthu chimodzi: yamba wafufuza chomwe chikuletsa mitengo kumera yokha. Nthawi zambiri chimakhala chikhoma cha dziwe la nsomba kapena msewu womwe unatseka njira ya madzi. Ukatsegula njirayo, mbewu zimabwera zokha ndi madzi.

Apa ndipo ndinaona kusiyana kwa ndalama zodzalira ndi ndalama zofufuzira. Chitsanzo chomwe ndakhala nacho masabata awiri ndi cha ku Gazi, ku Kwale, kum'mwera kwa gombe la Kenya. Kumeneko James Kairo wa ku Kenya Marine and Fisheries Research Institute, bungwe la boma lofufuza za nyanja ndi nsomba, anayamba kuyesa kadzalidwe ka mikoko kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Kenako anagwirizana ndi Mark Huxham wa ku Edinburgh Napier University, ndipo bungwe la Earthwatch linkathandiza ndi ndalama komanso anthu odzipereka omwe ankabwera kudzalowa m'matope, kuyeza mitengo ndi kuwerenga nkhanu. Ankadzala m'timinda tating'ono, pena mtundu umodzi, pena yosakaniza, pena mothithikana, pena motalikirana, n'kumabwerera chaka ndi chaka. Anapeza kuti pamalo pomwe mitengo inadulidwa kalekale nthaka n'kusanduka yamchere kwambiri, Avicennia ndiye amapirira, ndipo mthunzi wake umafewetsa malowo kuti mitundu ina ilowe. Anapezanso kuti mbande zoyandikana zimatetezana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma ofufuzawa sanachite manyazi kulemba za timinda tomwe tinafa, ndipo n'zomwe zathandiza ena.

Pa maziko amenewo ndi pomwe panamangidwa Mikoko Pamoja, ntchito ya midzi ya Gazi ndi Makongeni yomwe inavomerezedwa mu 2013 ndi Plan Vivo, bungwe lotsimikizira ntchito zosunga mpweya wa kaboni m'nkhalango. Anayamba ndi kusamala mahekitala 117 a mikoko ndi kugulitsa kaboni wosungidwa m'nkhalangoyo, matani pafupifupi 3,000 a mpweya wa kaboni pachaka, kutanthauza kuti ofuna kulipirira utsi womwe amatulutsa amawapatsa ndalama chifukwa cha mpweya womwe mitengoyo imachotsa m'mlengalenga. Sakanatha kugulitsa chinthu chosaoneka ndi maso popanda miyeso ya zaka zija. Kafukufuku wina wa mu 2011 anaonetsa kuti mikoko ya m'madera otentha imasunga matani pafupifupi 1,000 a kaboni pa hekitala, wambiri ali m'matope pansi, osati m'thunthu. Ndalama zomwe amapeza anthu amakambirana okha pamsonkhano, ndipo zagwira ntchito ya madzi akumwa ndi mabuku a ana asukulu. Anadzalanso mitengo ya casuarina kumtunda kuti wofuna milimo ndi nkhuni asakhudze mikoko. Mu 2017 analandira Equator Prize, mphoto ya bungwe la United Nations. Pamene midzi ya Vanga, Jimbo ndi Kiwegu, kufupi ndi malire a Tanzania, inafuna kutengera, Leonardo DiCaprio Foundation inali m'gulu la omwe anapereka ndalama zoyambira, ndipo Vanga Blue Forest inakhazikitsidwa mu 2019 pa mahekitala 460.

Za malonda a kaboni mtima wanga sunakhazikike. Zimandiwawa kuganiza kuti kampani ya kutali ingapitirize kutulutsa utsi chifukwa mayi wa ku Gazi wasiya kudula mtengo. Komabe sindingatsutse mpope wa madzi womwe waima pamudzi. Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi. Thandizo la mabungwe ambiri limakhala la zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo lipoti lomaliza limafunika mtengo usanafike n'komwe m'chiuno. Wolandira ndalama amalemba chomwe chingawerengeke msanga, ndicho mbande zodzalidwa. Amaopanso kuulula kuti zafa, poti angatsekeredwe khomo ulendo wina. Bungwe lomwe limalola kulipira munthu wongoyeza madzi kwa chaka chathunthu asanadzale kanthu, n'kulipiranso wodzawerenga pakatha zaka khumi, ndi lomwe ndalama zake zimasanduka nkhalango. Ku Gazi zinatheka chifukwa othandiza osiyanasiyana ankalandizana, ndipo ofufuza sanachoke pamalopo.

Pempho langa lachiwiri ndaliika kumathiriro a Zambezi ku Mozambique, komwe kuli nkhalango yaikulu ya mikoko. Ndasankha kumeneko dala. Madzi otuluka m'nyanja yathu kudzera mu Shire amakathera konko, pamodzi ndi dothi lokokoloka m'minda yathu, choncho nkhaniyi si ya eni gombe okha. Chaka choyamba mulibe nazale. Muli nsungwi zolembedwa miyeso zozika m'matope, bwato la ganyu, chipangizo choyezera mchere, ndi malipiro a asodzi ndi amayi otola nkhanu kuti atiuze komwe mitengo inali kale ndi chomwe chinaichotsa. Gawo la kudzala ndalichepetsa kwambiri ndipo lidikira zomwe miyesoyo idzanene. Mzere womaliza wa bajeti ndi wa achinyamata awiri a m'mudzimo omwe azidzawerenga mitengo yamoyo ndi yakufa kawiri pachaka. Vuto lomwe ndatsala nalo n'lakuti fomu yomwe tinapatsidwa ili ndi mabokosi a zaka zitatu zokha, pomwe kuwerengako ndakulembera zaka khumi. Ndikakumana ndi aphunzitsi Lachinayi kuti andiuze poti ndilembe zaka zisanu ndi ziwiri zotsalazo.