Ndinapita ku Uganda kukaona ayisi, ndinabwerako ndi matope

"Mwana iwe, ndalama zonsezo kukaona ayisi? Mu firiji mwa aneba mulibe?" Amenewo ndi amayi, tsiku lomwe ndinafika kuno ku Mzuzu, chikwama ndisanatule nkomwe. Achimwene akungoseka pa khonde. Ndiye ndati ndilembe pano mwina inuyo mundimvetsa, poti kunyumba mlandu ndinaluza kale.

Ndinapita ku Kampala pa za ntchito, nditamaliza ndinaphatikiza masiku a holide ndi kandalama komwe ndimasunga kuti ndigule sofa (sofayo mpaka pano kulibe), nkukwera basi ya ku Kasese, kumadzulo uko kufupi ndi malire a Congo. Kumeneko ndi komwe kuli mapiri a Rwenzori. Anawapanga kukhala paki mu 1991 ndipo nsonga yake yayitali, Margherita, ndi mamita 5,109, mu Africa muno imangoposedwa ndi Kilimanjaro ndi phiri la Kenya basi. Sapitwa wathu uja timamuopa ndi 3,002. Werengerani nokha.

Ine ndinapita ndi matama, ndisaname. Ndimati munthu wokulira ku Mzuzu, woti June amasamba madzi ozizira m'mawa chifunga chili tolo ku Katoto, wadutsa pa Chikangawa usiku pa lole yopanda tenti, angaope kuzizira kwa ku Uganda? Gaidi wathu anangoyang'ana nsapato zanga zodula zija nkunena kuti bwana izi ikani mu chikwama, valani magambuti. Ndinakhumudwa pang'ono. Magambuti ngati ndikupita ku dimba?

Tsiku loyamba kuchoka ku Nyakalengija kupita ku kanyumba ka Nyabitaba mumayenda mu nkhalango yeniyeni, osati izi zathu za paini zodzala m'mizere. Mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere, zingwe zili lendelende, pansi pali chinyezi, mtsinje wa Mubuku ukungosokosera kumunsi osauwona. Fungo lake linandikumbutsa ku Kaning'ina tili ana tikukatola nkhuni mozemba, kungoti uku zonse ndi zazikulu kawiri. Tinaona anyani akuda ndi oyera aja, komanso bilimankhwe wa nyanga zitatu, ine osamugwira ayi, ndinaleredwa bwino.

Kenako nkhalango ija imatha, mumalowa mu nsungwi, nsungwi nkutha, ndiye kumabwera dziko lina loti sindidziwa ndilifotokoze bwanji. Mitengo yopindikapindika yovala ndere zolendewera ngati ndevu za agogo, zomera zina zangati kabichi koma zili pamwamba pa thunthu lotalika kuposa munthu, zina zoongoka ngati muvi. Zii, kopanda phokoso, chifunga chikungodutsa. Ndipo pansi pake ndi pomwe pali nkhani yonse, matope. Pa dambo la Bigo anayalapo matabwa malo ena koma pomwe palibe umadumpha kuchoka pa chitsa cha udzu kupita pa china, ukaphonya walowa mpaka m'bondo, ine ndinaphonya kambirimbiri moti pena gambuti linatsalira pansi ndinatuluka ndi sokosi yokha, anyamata onyamula katundu akudutsa ndi zikwama pamsana ngati akuyenda pa tala. Anyamatawa ndi a mtundu wa Bakonzo, eni phirilo. Apa mpomwe ndinapepesa magambuti mumtima.

Mvula ndiye osanena. Ife timati Mzuzu ndi kwa mvula koma kuja zovala sizimauma, umavala zonyowa zomwezo m'mawa.

Pofika ku kanyumba ka Elena, mamita opitirira 4,500, matama onse a Katoto anali atathera m'njira. Mutu ukuwawa ngati malungo, chakudya osalowa, kungomanga chingwe cha nsapato kupuma kaye. Tinadzuka usiku ndi matochi pamphumi, kutimangirira chingwe m'chiuno, kunsi kwa nsapato kuika zitsulo za mano zija. Ndinafika pa ayisi. Ndinamuponda, ndinamugwira ndi dzanja, wolimba ngati mwala, pamwamba pakuda ndi fumbi koma m'ming'alu muli mtundu wa buluu woti sindinauonepo. Pa Margherita penipeni sindinafike, gaidi anandiyang'ana m'maso nkunena kuti tibwerere ndipo sindinatsutse olo pang'ono.

Koma chomwe chikundizungulirabe m'mutu ndi bambo wina wachikulire mwa onyamula katundu aja. Tikutsika anaima pa thanthwe lopanda kanthu, lakuda, nkuloza pansi kuti ali mnyamata ayisi amayambira pano. Ndinatembenuka kuyang'ana komwe tamusiya ayisiyo, kutali ndithu kumtunda. Sanawonjezere mawu, ananyamula katundu wake nkumapita. Mu 1906 pomwe Duke wa Abruzzi wa ku Italy anakwera nsonga zimenezi koyamba, ayisi anali pa mapiri sikisi a kumeneko, lero wochuluka watsala pa phiri la Stanley pomwe pali Margherita, kwina kwangotsala tizigamba kapena miyala yokhayokha. Dziko likutentha, ayisi amene amasungunuka sakubwereranso yense. Ndiye ukaganiza kuti malowa ali pafupi ndi equator penipeni, kumunsi anthu akulima nthochi ndi khofi, umadabwa kuti wakhalitsa bwanji mpaka lero.

Ndinayesa kuwafotokozera amayi zimenezi, kuti zomwe ndaona ine adzukulu awo mwina adzangoona pa chithunzi. Anandimvetsera bwinobwino akusenda mbatata, kenako anafunsa ngati kumeneko amadya nsima. Ndinati amadya ya chimanga amaitchula posho, komanso nthochi zophika zija amati matooke. "Ndiye bola," anatero.

Magambuti aja ndinabwera nawo, matope a ku Bigo akadali m'mizere ya kunsi. Dzulo ndawapeza ali ku miyendo ya achimwene, akuti akukathirira mpiru ku dimba ku Chibavi, osapempha nkomwe.