Tsiku lonse pa benchi chifukwa cha dzino limodzi la mwana

Mwana wanga ali ndi zaka 3 ndi miyezi 4, ndipo sabata yatha nkhani ya dzino lake inatha. Mtima wakhala pansi tsopano, koma ndikakumbukira ulendo woyamba wopita naye kuchipatala cha mano ndimapsabe mtima.

Ankalira akamatafuna, ndipo nditamuunika m'kamwa ndinaona kabowo kakuda pa dzino lakumbuyo. Tinalawirira, tinalembetsa, tinakhala pa benchi kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko masana. Mwana njala, tulo, kulira. Titafika pakhomo penipeni, mayi a pa desiki anangoti, "Amayi, adokotala oona ana lero kulibe." Kulibe? Nanga m'mawa muja, polemba zaka za mwanayu ndi dzanja lawo lomwe, sakanandiuza? Adokotala ena anati ayesere. Anamukhazika yekha pampando waukulu, kumuyatsira nyali m'maso, n'kumukalipira kuti atsegule pakamwa. Mwana anangoluma mano, thupi lonse njenjenje. Tinabwerera osathandizidwa, ndipo kwa masiku atatu ankakana ngakhale mswachi.

Choncho imbani kaye foni. Funsani ngati woona ana aang'ono alipo tsikulo, ndipo pemphani nthawi ya m'mawa, mwana atagona bwino komanso atadya.

Ulendo wachiwiri tinapita kwina. Adokotala sanathamangire m'kamwa ayi. Anamupatsa kagalasi koonera mano kuti akagwire, anawerenga naye mano a chidole, kenako anandiuza kuti ndikhale moyang'anana nawo mawondo athu atagundana. Mwana ndinamunyamula atandiyang'ana, n'kumugoneka chagada mutu uli pamiyendo pawo, manja ake ali m'manja mwanga. Analira pang'ono, koma ankaona nkhope yanga. Tsikulo anangoyeza ndi kupaka mankhwala a fluoride olimbitsa mano, kumata dzinolo kunachitika pa ulendo wachitatu.

Ine ndinkafuna angolizula, poti ndi dzino loyamba, lidzagweruka lokha. Anandifotokozera kuti mano oyamba amakhala 20, akutsogolo amayamba kugweruka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, koma akumbuyowa amakhala mpaka zaka 10 kapena 12. Ndi amene amasungira malo mano achikulire, ndiye ukazula msanga enawo amatha kumera mopanikizana.

Ndadumpha chinthu china. Asanayeze n'komwe anandifunsa kuti, "Amayi, mwanayu amagona ndi botolo?" Ndinavomera, ndipo nthawi zina ndinkathiramo shuga kuti agone msanga. Usiku malovu amachepa, shuga amatsalira pamano, tizilombo ta m'kamwa timamusandutsa asidi, asidiyo n'kumadya dzino. Timadontho toyera pafupi ndi nkhama, timene ndinkationa chaka chatha n'kumati ndi mkaka, tinali chiyambi cha kuwola. Zinandiwawa kumva kuti mwana amayenera kuonedwa ndi dokotala wa mano asanapitirire chaka chimodzi. Palibe anandiuzapo.

Kunyumba tsopano timatsuka kawiri pa tsiku, ndipo kwa usiku sitidumpha. Mswachi waung'ono wofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride: osakwana zaka 3 kadontho ngati kanjere ka mpunga, kuyambira zaka 3 ngati kanjere ka nsawawa. Alavule, koma asachukuche ndi madzi, mankhwalawo atsale pamano. Ndimamutsamiritsa mutu pachifuwa panga n'kukweza mlomo wam'mwamba ndi chala kuti ndifike pankhama. Amayamba yekha, ine ndimamalizitsa, ndipo adokotala anandiuza kuti ndizitero mpaka akwanitse zaka 7 kapena 8.

Chonde musamaopseze ana kuti "ukavuta ndikupititsa kwa adokotala akakubaye jakisoni." Ine ndinkatero, ndipo ndinazimva pa benchi paja akukuwa mawu omwewo. Musamunamizenso kuti sakamva kalikonse. Ndinangomuuza kuti adokotala akawerenga mano ndi kuwatsuka, ndipo ine ndikhala pompo.

Koma foni ija imbani. Maola 7 aja sindinawaiwale. Tidzabwereranso pakatha miyezi 6, ndipo nthawi ya 8 koloko m'mawa ndalembetseratu kale, kwa adokotala omwewo.