Mawondo okhaokha sabata ino

Ku kiliniki yathu ya mafupa sabata ino ndangoona mawondo basi. Lolemba kunabwera mayi wina wa ku Ndirande wogulitsa tomato, zaka 62, bondo lakumanja lili mphini zokhazokha. Anandipatsa X-ray yomwe anajambulitsa kwina nkuti, "Adokotala, akuti mafupa anga alibwinobwino, nanga chikundiwawachi nchani?" Ndinawafunsa, "Amayi, pojambulapo munagona kapena munaimirira?" Akuti anagona. Mtima unandiwawa, chifukwa chaka chonse akhala akuuzidwa kuti palibe vuto.

Nkhani ndi yoti chicherewechere, kanthu koterera kaja kamene kamakuta nsonga za mafupa, sichioneka pa X-ray, ife timangoyang'ana mpata wapakati pa mafupa awiriwo, ndiye munthu akagona bondo silisenza thupi ndipo mpatawo umaoneka ngati ulipo ndithu. Tisanajambulenso nkomwe, manja anali atandiuza kale. Nditaika dzanja pabondo iwo akulipinda, linkamveka ngati muli mchenga, mwendo wayamba matewe. Mmawa limauma koma mphindi 30 zisanakwane lamasuka, chovuta ndi kunjuta kuchimbudzi ndi kutsika chitunda popita kumsika. Atajambulidwa ali chiimire, mpata wa mbali yamkati unali wotsala pang'ono kutsekeka, m'mphepete mwamera timinga tafupa. Imeneyi ndi nyamakazi yakutha kwa chicherewechere. Pa muyeso wa Kellgren-Lawrence, woonetsa pamene nyamakaziyi yafika pa X-ray, umene umayambira 0 kulekeza 4, ndinalemba 3.

Lachitatu agogo aamuna a ku Bangwe, chithunzi chawo 4 yeniyeni, fupa kukhudzana ndi fupa, koma amalima ndipo akuti limangovuta kukazizira. Ndinawasiya ndi ndodo komanso mafizo, sindingathamangitsire munthu ku opaleshoni chifukwa cha chithunzi chokha.

Chomwe chinandiopsa ndi cha Lachinayi. Mnyamata wabwera akuti nayenso ndi nyamakazi ngati ya agogo ake, koma bondo latupa masiku awiri okha, lotentha, thupi lonse moto, osalola nkulikhudza komwe. Nyamakazi yakutha kwa chicherewechere siibwera choncho. Titakoka ndi jekeseni munatuluka mafinya, tsiku lomwelo anapita ku fiyeta kukatsuka, chifukwa tizilombo timadya chicherewechere m'masiku ochepa.

Ambiri akumafunsa za MRI, njira ina yojambulira m'thupi, inde imaonetsa bwino chicherewecherecho ndi meniscus, kakhushoni kapakati pa mafupa a bondo, koma ndi yodula ndipo kwa munthu wopitirira zaka 45 wazizindikiro ngati za mayi aja nthawi zambiri siisintha chithandizo.

Mayi aja anabweranso Lachisanu ndi mwana wawo wamkazi, ndipamene anaulula kuti amamwa Brufen ndi diclofenac wapagolosale tsiku ndi tsiku, wina pamwamba pa mnzake, pomwe ali ndi BP. Mankhwala opha ululuwa amatha kuwononga impso, ndiye ndinawatumiza kukayezetsa impso kaye, kenako tinakhala pabenchi ndikuwaphunzitsa kuwongola mwendo ndi kulimbitsa ntchafu, ndodo azigwirira kumanzere. Abweranso pakatha masabata 6.