Sabata imodzi pa makina a khofi a mu ofesi

Lolemba m'mawa, woyamba kulowa m'kakhitchini ka mu ofesi asathamangire kuthira madzi. Atsegule kaye kabasiketi ka makina a khofi. Nthawi zambiri mumapezeka pepala losefera la Lachisanu, khofi wake akadali wonyowa, pamwamba patamera kale nkhungu yoyera ngati thonje. Kutaya pepalalo kokha sikuthandiza. Kabasiketi kazulidwe, katsukidwe ndi madzi otentha komanso sopo wa mbale, chifukwa nkhungu imabisala m'timizere ta m'mbali. Madzi amene agona m'thanki atayidwenso. Mkaka unukhizidwe musanathire m'kapu ya munthu. Firiji izizizira osapitirira madigiri 5, ndipo botolo lisamakhale pachitseko, poti pamenepo ndi pamene pamafunda aliyense akatsegula.

Mkangano wa Lachiwiri umakhala wa muyeso. Wina akuti khofi wa lero ndi madzi enieni, wina akuti wa dzulo anali wowawa ngati mankhwala. Onse akunena zoona, chifukwa aliyense amatapa ndi supuni yakeyake. Muyeso umene odziwa khofi amayambirapo ndi magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi. Apa pali msampha: jagi yolembedwa kuti makapu 12 nthawi zambiri imawerengera timakapu ta mamililita 125, kutanthauza lita imodzi ndi theka. Makapu amene anthu amamwera pa desiki ndi a mamililita 250 kapena kuposa, ndiye jagi ija imangokwanira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Imafuna magalamu 90, omwe ndi masupuni aakulu pafupifupi 18 osasefukira. Kuwerenga masupuni 18 foni ikulira ndi ntchito yosatheka. Chanzeru n'kuyeza kamodzi pa sikelo, kuthira m'kachitini koonekera mkati, n'kulemba mzere pamene khofi walekezera. Aliyense azingodzaza mpaka pamzerepo.

Muyesowu umathandizanso wogula zinthu za mu ofesi. Anthu 12 akamamwa makapu awiri aliyense, ndiye malita 6 pa tsiku, majagi anayi, magalamu 360. Pa sabata ndi makilogalamu 1.8. Paketi ya magalamu 500 sifika Lachitatu, ndipo palibe amene waba.

Ngati muyeso uli bwino koma khofi akuvutabe, yang'anani kaperedwe kake. Woperedwa mosalala kwambiri amatseka pepala, madzi amachedwa kudutsa, nthawi zina n'kusefukira patebulo, ndipo amawawa. Wamiyalamiyala madzi amangomudutsa, n'kutuluka wowawasa ndi wopanda mphamvu. Madzi azikhala pa madigiri 92 mpaka 96. Amene amagwiritsa ntchito jagi yokanikiza ija yotchedwa French press adikire kamphindi ketulo ikawira, athire, ayembekeze mphindi zinayi, kenako akanikize pang'onopang'ono.

Lachitatu ndi tsiku la misonkhano m'maofesi ambiri. Cholakwika chofala n'kuphika khofi 8 koloko pokonzekera msonkhano wa 10 koloko n'kusiya jagi pa kachitsulo kotentha ka pansi pa makina. Pakangopita theka la ola, madzi amayamba kuphwera, khofi n'kumamveka kupserera. Athiridwe m'fulasiki akangotha kudontha, fulasikiyo itayamba yatenthetsedwa ndi madzi owira. Pathebulo pakhalenso madzi otentha paokha ndi tiyi, poti si onse amamwa khofi. Msonkhano ukakhala wamadzulo, kumbukirani kuti thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la caffeine, chinthu cha m'khofi chimene chimathamangitsa tulo. Kapu ya 3 koloko masana, theka lake likadali m'magazi 8 koloko usiku. Bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, EFSA, linanena mu 2015 kuti munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 a caffeine pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera asapitirire 200.

Nkhani yeniyeni ya mu ofesi imaonekera Lachinayi, anthu atatopa. Lamulo aliyense amalidziwa: womaliza khofi ndi amene amaphika wina. Ndiye anthu anapeza njira yolizembera. Munthu amathira kapu yake mosamala, n'kusiya kakhofi kokwana chala chimodzi pansi pa jagi, kuti asatchedwe womaliza. "Kodi wamaliza ndani?" "Aa, achemwali, ine ndasiyamo ndithu, taonani." Kotsalako kamauma pa chitsulo chotentha, n'kusiya chikanga chakuda, ndipo jagi yagalasi ikhoza kung'aluka, makamaka wina akaithira madzi ozizira ikadali yamoto. Mapepala okalipira omata pakhoma sathetsa zimenezi, amangowonjezera miseche. Chimene chimagwira ntchito n'kusintha lamulolo: khofi akatsika kudutsa mzere wa kapu imodzi, amene wamutsitsa ndiye aphike. Lamuloli likhudzenso abwana. Likangowalambalala, ena onse amalitaya, ntchito n'kumagwera wophunzira ntchito kapena mlembi, amene sanalembedwere zimenezo.

Vuto lokapeza jagi yopanda kanthu si lachilendo. Mu 1991, akatswiri a makompyuta a ku yunivesite ya Cambridge analoza kamera pa jagi yawo ya khofi kuti aziona pa kompyuta ngati muli kanthu asananyamuke pampando. Chithunzicho chinafika pa intaneti mu 1993, ndipo kamerayo inazimitsidwa mu 2001.

Za makapu n'zachidule. Kapu ya mwini wake isatengedwe, ngakhale ili yokhayo yoyera. Kuisiya m'sinki "kuti inyowe kaye" n'kupatsa mnzako ntchito mosamuuza. Supuni yonyowa isabwerere m'shuga.

Lachisanu masana ndi nthawi yotsuka. Khofi ali ndi mafuta amene amamatirira m'jagi, pa chivundikiro ndi m'fulasiki, ndipo akakhalitsa amanunkha chiwisi choipa chimene anthu amanamizira mtundu wa khofi. Kutsukuluza ndi madzi okha sikuwachotsa, pamafunika sopo ndi kaburashi. Kamodzi pa mwezi, kapena kawiri kumene madzi ake amasiya zoyerayera m'ketulo, makina achotsedwe miyala ya m'mapaipi. Zizindikiro zake n'zoti jagi imachedwa kudzaza, makina amasokosera ndi kutulutsa nthunzi yambiri, khofi n'kumatuluka wofunda chabe. Sungunulani masupuni aakulu awiri a citric acid (ufa wa asidi wopezeka m'mandimu) mu lita imodzi ya madzi, thirani m'thanki, yatsani mpaka theka lidutse, zimitsani kwa mphindi 20, kenako malizitsani. Dutsitsani madzi oyera kawiri kapena katatu. Makina a espresso (opanga khofi wamphamvu wa m'timakapu) ndi a timakapisozi (timapaketi totseka ta khofi wa kapu imodzi) ali ndi mankhwala awoawo, ndipo ambiri opanga amaletsa viniga. Nthawi yonseyi pamakinapo pamatidwe pepala lolembedwa zilembo zazikulu kuti "MUSAMWE", chifukwa pamakhala wina wobwera ndi kapu m'manja, maso ali pa foni.