Tisipuni tiwiri ta ufa wa buluu

Ufa wa pre-workout, uja anyamata a ku jimu amasungunula m'botolo asanagwire zitsulo, umabwera ndi kasipuni kake m'chitini, ndipo pachitinipo amalemba kuti kamodzi n'kokwanira. Kasipuni ka ufa umene ndinagula ine kanali ndi mamiligalamu 250 a caffeine ndi magalamu 3.2 a beta-alanine. Koma mnzanga wa ku Fiji, amene tinali naye gulu limodzi kukampu ya asilikali ya Catterick ku England, anati malembowo amalembera ana asukulu, msilikali amathira tiwiri. Munthuyo amalemera makilogalamu oposa 110. Ine ndimafika 68, pamenepo ndi nditakhuta nsima.

Linali tsiku la Soldier Conditioning Review, mayeso a mphamvu amene gulu lankhondo la Britain linayambitsa mu 2019. Nthawi imeneyo unkadumpha utaima malo amodzi, unkaponya mpira wa makilogalamu 4 utakhala pansi, unkanyamula chitsulo cha hex bar, unkathamanga mamita 100 mopita n'kubwerera, unkadzikoka pachitsulo, kenako makilomita awiri. Kaya unabadwira ku Leeds kaya ku Ntcheu, wotchi inali yomweyo.

Masamu ake ndi osavuta. Caffeine imathandiza wothamanga ikakhala mamiligalamu 3 mpaka 6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kuti kwa ine pakati pa 200 ndi 400. Bungwe la EFSA, loona za zakudya ku Europe, limati munthu wamkulu asadutse 200 nthawi imodzi ndi 400 tsiku lonse. Ine ndinameza 500 nthawi ya 6 koloko m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, n'kutsirapo kapu ya khofi yokhala ndi ina ngati 90, poti kunja kunkazizira.

Beta-alanine ndiye inayamba kundipatsa moni. Patangotha mphindi 15, tili pamzere, makutu anayamba kuyabwa, kenako mphumi, kuseri kwa manja, mpaka m'mutu monse, ngati wina wandikung'unthira chitedze m'malaya. Kuyabwa kumeneku kumabwera ukadutsa mamiligalamu 800 nthawi imodzi, ndipo ine ndinali pa 6,400. Sikuvulaza, kumatha pakadutsa ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, koma kauzeni zimenezo munthu amene waimitsidwa njo, manja kumbuyo, mphunzitsi wa masewero akufotokoza malamulo pang'onopang'ono. Ndinkadzikanda khutu ndi phewa. Chowawa n'chakuti beta-alanine sigwira ntchito tsiku lomwelo. Imafuna kumwa tsiku lililonse kwa milungu pafupifupi inayi kuti carnosine, chinthu chothandiza minofu kusatopa msanga, achuluke m'minofumo. Ya tsiku limodzi ndi ndalama yogulira kuyabwa basi.

Kudumpha ndi kuponya mpira zinayenda bwino, ndinayamba kudzimva. Pa hex bar manja ankanjenjemera moti mphunzitsi uja anafunsa ngati ndikuopa chitsulo. Ndinati ayi, Staff, ndi chisanu.

Makilomita awiri ndi kuzungulira kasanu bwalo la mamita 400, ndipo ine ndimalizungulira m'masekondi 100. Tsikulo ulendo woyamba ndinaumaliza mu 75, osamva kalikonse, ndikudutsa anthu amene sindinawadutsepo chilowereni usilikali. Apa ndi pamene caffeine imapusitsira: imatseka khomo la adenosine, chinthu chimene chimauza ubongo kuti watopa, koma siwonjezera mpweya m'mapapo. Ngongoleyo umalipira ndithu. Pakati pa ulendo wachitatu miyendo inalemera, kukamwa kunauma gwa, mtima ukumveka m'makutu, ndipo onse ndinawadutsa aja anayamba kundidutsa mmodzimmodzi, ena akundigwira paphewa.

Kenako mimba inalankhula. Khofi payekha amafulumizitsa matumbo. Kuthamanga kumawagwedeza, komanso kumachotsa magazi kumeneko kuwapititsa kumiyendo. Onjezanipo botolo la madzi a buluu otsekemera kwambiri, mukhala mwasonkhanitsa zonse zofunika. Poyamba inangoti kulu kulu, ine n'kumati tikambirana pomaliza. Ulendo wachinayi inanena mawu omaliza. Ndinachepetsa sitepe, mawondo pamodzi, koma munthu sangathamange atamanga thupi lonse. Pakona pomwe ndinaona kanyumba kaja kuseri kwa jimu, ndinakhota.

“Kumzere ndi uku!” anakuwa mphunzitsi.

“Ndikubwera, Staff!”

Mamita 200 amenewo ndi amene ndinathamanga bwino kuposa onse pamoyo wanga, koma panalibe wogwira wotchi. Nditatuluka ndinapeza mnyamata wina wakwathu akundidikira, misozi ili mbwee ndi kuseka. “Aise, mawa tikapempha a Staff asamutse chimbudzi chikhale pamzere womaliza. Upita ku Olympics iwe.”

Wachipatala sanaseke nawo. Anandikhazika pansi theka la ola, mtima ukugundabe ka 120 pa mphindi, n'kunditumiza chitini chija. Ankafuna chizindikiro cha Informed Sport, chosonyeza kuti ufa wopangidwa ulendo umenewo unayezedwa ngati mulibe mankhwala oletsedwa. Changa chinalibe. Izi si zamasewera kwa msilikali wa Britain, chifukwa amayeza mkodzo mosachenjeza, ndipo ukapezeka ndi choletsedwa ntchito ikhoza kuthera pomwepo, kaya unadziwa kaya ayi. Anandikumbutsanso za mankhwala otchedwa DMAA, amene anali mu ufa wina wa pre-workout wotchedwa Jack3d. Asilikali a ku America anachotsa DMAA m'masitolo a m'makampu awo mu 2011 asilikali awiri atamwalira, Britain inailetsa mu 2012, chaka chomwe Claire Squires anagwa n'kumwalira pa London Marathon atamwa ufa womwewo. Chitini changa chinatsala patebulo lake, ndipo dzina langa linalowa pamndandanda wa obwereza mayeso.

Caffeine nayo inali isanathane nane. Thupi limachotsa theka lake pa maola pafupifupi asanu, choncho 11 koloko ndinali ndidakali ndi mamiligalamu ngati 300, 4 koloko masana 150, ndipo 9 koloko usiku pafupifupi kapu yathunthu ya khofi inali ikuyendabe m'magazi. Pofika pakati pa usiku ndinali nditapukuta majombo, nditasita yunifolomu yanga yonse, ndikugogoda pachitseko cha mnzanga wa ku Fiji uja kufunsa ngati ali ndi zoti zisitidwe. Anandipatsa malaya anayi n'kutseka chitseko.