Mmene ndimadziwira kuti iyi ndi polynomial, iyi ayi

Ine ndikubwereza masamu a MSCE ku sukulu ya madzulo, nde mutu wa ma polynomial, masamu aja osakaniza manambala ndi zilembo ngati x, ndinaupezera kanjira kanga, ndisanayambe kuwerengera chilichonse ndimayamba ndaphwanya funso lonse mzidutswazidutswa.

Tiyerekeze andipatsa 5x³ − x² + 4x − 9. Ndimadula paliponse pamene pali plus kapena minus, chidutswa chilichonse ndiye term, apa alipo anayi: 5x³, −x², 4x ndi −9. Minus imapita ndi term yake amwene, osaisiya kumbuyo. Chilembo x ndi variable chifukwa mtengo wake umasintha, nambala yomwe yakhala kutsogolo kwa chilembo ndi coefficient, nde pa 5x³ ndi 5, pa 4x ndi 4. Nanga pa −x² poti sipakuoneka nambala? Ilipo, ndi −1, imangobisala. −9 alibe chilembo, ameneyo ndi constant. Kanambala kakang'ono kapamwamba kaja ndi pawa, ndipo pawa yaikulu kwambiri ndiyo degree, apa ndi 3.

Zikatha izi mpamene ndimayang'ana ngati ilidi polynomial, ndipo maso anga amakhala pa chilembo basi, manambala enawo sindilimbana nawo. Pawa ya x iyenera kukhala nambala yathunthu, 0, 1, 2, 3 kumapita choncho, isakhale ya minus kapena fraction. Apa mpamene amatcherapo misampha. x/3 ndi polynomial bwinobwino chifukwa x ali pamwamba, kwenikweni ndi 1/3 kutaimusa x, koma 3/x ayi ndithu, x akatsika pansi pawa yake imakhala −1. Chimodzimodzi √x, pawa yake ndi hafu nde yagwa, pomwe x√2 ilibe vuto olo imaoneka yoopsa, root yagwira 2 osati x. Ndikaona x wakwera yekha kukakhala pawa ngati 2ˣ, sinditayanso nthawi, imeneyo si polynomial.

Chinanso ndimayamba ndaphatikiza ma term ofanana ndisanatchule degree. x² + 3x − x² imaoneka ngati degree 2 koma ma x² awiriwo amadyana, imatsala 3x, degree 1. Koma x² ndi x osaziphatikiza, zili ngati mulu wa tomato ndi wa anyezi, wina uku wina uko. Zilembo zikakhala ziwiri mu term imodzi ngati 4x²y³ mumawonkhetsa mapawa, 2 ndi 3, degree 5. Ndipo 7 payekha nayenso ndi polynomial, degree 0, poti x⁰ ndi 1. Zoti term imodzi ndi monomial, awiri binomial, atatu trinomial, zimenezo mungoloweza, sizivuta.

Komwe ndinaona phindu la zonsezi nkugawa. Akandipatsa x³ − 8 ndimalemba kaye x³ + 0x² + 0x − 8 kuti term iliyonse ikhale pa malo pake mu long division, apo bii mizere imasokonekera. Akangofunsa remainder yokha, chotsala chija ukagawa, sindigawa nkomwe, ndimagwiritsa ntchito remainder theorem. Mwachitsanzo 5x³ − x² + 4x − 9 kugawa ndi x − 2, ndimaika 2 paliponse pali x poti 2 ndi amene amapangitsa x − 2 kukhala 0, nde ikhala 40 − 4 + 8 − 9, yankho 35. Ikanatuluka 0 bwenzi x − 2 ili factor yake, kutanthauza kuti imagawa popanda chotsala, ngati mmene zilili ndi x³ − 8, poti 2³ ndi 8.